Mfuti Yopenta ya a Shigenobu Nukui

A Shigenobu Nukui anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akupenta chakudya chosadyeka. Kufakitale ya m'tauni ya kumunsi kwa mtsinje ankaumba zakudya zapulasitiki, zija amaika pawindo la lesitilanti kuti wodutsa amve njala, ndipo gawo la a Nukui linali lomaliza, lothira mitundu. Nsomba inkafika patebulo pawo ili mbee ngati kandulo, n'kuchokapo itapsa bwino mbali imodzi, mafuta akuoneka ngati achucha pompano. Anzawo ankasimba kuti mlonda wina watsopano analuma dzira la a Nukui n'kuthyoka dzino. Iwo nkhaniyi ankaikana, koma ankayamba amwetulira kaye.

Anali bambo wamfupi, wofatsa, wa magalasi ochindikala. Atapuma pantchito anabwerera kwawo ku Okusawa, kumapiri, kukakhala m'nyumba ya makolo ndi akazi awo a Tomie. Mwana wawo mmodzi yekha, Kumiko, anali atakwatiwa kumzinda. Maganizo a bambowa anali odzuka mochedwa, kumwa tiyi pakhonde, basi.

Chaka choyamba chomwecho nguluwe zinatsika m'phiri. M'mawa wina a Tomie anapeza munda wawo wa mbatata uli ngati mwadutsa thirakitala ya munthu woledzera.

"Bambo a Kumiko, tabwerani mudzaone mmene alendo anu adyera."

A Nukui anapita, kapu ya tiyi ili m'manja. Anaona mizere yofukulidwa, anaonanso munda wa mpunga wa aneba mmene nguluwe zinagubuduka ngati ana pamatiresi.

"Zalimatu bwino," anatero, pofuna kuseketsa.

"Amuna anzanu ali m'phiri ndi mfuti. Inu muli pano ndi tiyi."

Mawu amenewo anawakhala pamtima sabata yathunthu, kenako anakatenga mafomu.

Kupeza chiphaso cha mfuti kunawatengera pafupifupi chaka. Analemba mayeso, anakapimitsa maso, anakaonana ndi dokotala wa mutu, anakawombera timbale tadothi touluka. Pomaliza wapolisi wa m'mudzimo, a Sakakibara, bambo wamtali wosaseka msanga, anabwera kudzafunsa a Tomie paokha monga mwa lamulo.

"Mayi, mundikhululukire, ndi mafunso a ntchito. Bambo akakwiya amatani?"

"Amatsuka mbale."

"Mowa amamwa?"

"Kakapu kamodzi, n'kugona pompo."

"Nanga inuyo simukuopa kuti m'nyumba muno mukhale mfuti?"

"Ine ndikuimvera chisoni mfutiyo."

A Sakakibara analemba zonse mmene anazimvera, ndipo chiphaso chinatuluka.

Gulu la alenje a m'mudzimo linali la madala asanu. Mkulu wawo anali a Horibe, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, wolima bowa, wa mawu okalipa ngakhale akupereka moni. Anali ndi galu wofiira dzina lake Tetsu. Kasakidwe kawo kanali kophweka: a Horibe ndi galu ankakwera phiri kukavumbulutsa nguluwe, enawo n'kuima m'malo awo m'munsi kudikira. Nyengo yoyamba a Nukui anaona nguluwe zitatu, ndipo zonse zitatu zinayamba kuwaona iwo. Zinkangoima chapatali, n'kukweza mphuno, n'kubwerera mosafulumira n'komwe.

Munthu amene wathera moyo wake pa mitundu, vuto lililonse amaliona kuti ndi la mtundu. A Nukui analingalira n'kupeza yankho.

"Mpope wa mfutiyi ukunyezimira," anauza a Horibe. "Dzuwa likangowomba, phiri lonse likudziwa kuti ndafika."

"Achimwene, nguluwe maso ake ndi ngati angawa, siiona kanthu. Imanunkhiza. Komanso inuyo mumatsokomola, mumayetsemula, ndipo tsiku lija ndinakumvani mukuimba."

"Sindinkaimba ine."

"Ndiye kuti munkalira."

A Nukui sanamve. Anakafunsa a Sakakibara ngati kupenta mfuti n'kololedwa, ndipo wapolisiyo atatsegula mabuku awiri anati palibe choletsa, bola nambala ya mfutiyo izioneka. Tsiku lomwelo bambowa anabwera ndi katoni ya zitini za penti yopopera, natulutsa maburashi awo akale omwe anawakulunga m'nsalu tsiku lopuma ntchito.

Anapentera m'shedi ya kuseri. Anatsuka mfuti, anamata tepi pa nambala ndi malo onse oyenda, anaipachika ndi waya kudenga. Ntchito yopentayo inatha msanga. Chimene sanachiganizire n'chakuti mfuti ikakhala kunja kwa kabati yake yachitsulo, mwini wake saloledwa kuisiya yokha, ndipo penti yaiwisi sungaitsekere m'kabati. Choncho anakoka bokosi n'kukhala pansi, maso pamfuti. Masana a Tomie anawabweretsera mpunga ndi msuzi.

"Mukulondera chiyani?"

"Penti iume."

"Ikufuna kuthawa?"

"Ndi lamulo, mayi a Kumiko."

"Zaka zonsezi sindinaonepo mukundiyang'ana ine nthawi yaitali choncho."

Iwo ankafuna mtundu wa khungwa la mtengo. Koma manja ali ndi chizolowezi chawo. Anayamba ndi mtundu wa golide, anathira wofiirira pamwamba, anadula mizere yakuda mopingasa, ndipo pomaliza, osaganiza n'komwe, anawaza kowala pang'ono monga ankachitira masiku onse kufakitale. Anaitulutsa m'thumba pamaso pa anzawo. Galu Tetsu anayandikira, n'kukhala pansi, dovu likutsika.

"A Nukui," anatero a Horibe, "nsomba yowotcha mwabweretsa. Nanga mpunga uli kuti?"

Madala aja anaseka mpaka wina anakhala pansi m'matope. Kuyambira pamenepo mfutiyo inkatchedwa Nsomba. Akakumana nawo kusitolo ankafunsa ngati Nsomba ili bwino, ngati aitembenuza isapserere. A Nukui ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Sanali mlenje wabwino, zimenezo ankazidziwa ndipo sizinkawavuta. Koma pa nkhani ya penti, palibe munthu anali atawasekapo chibadwire.

Mfuti ija anaipala yonse mpaka kutsala chitsulo. Miyezi yotentha yonse anaithera pokonzekera, ndipo masamba atayamba kuyoyoka ankakwera phiri m'mawa uliwonse ndi timakadi, n'kumakhala pansi kuyerekeza mitundu. Anapeza kuti tsamba louma lili ndi mitundu isanu ndi iwiri, ndipo likanyowa imakhala khumi. Anatola masamba enieni oti aziwaika pamfuti n'kupopera penti pamwamba kuti chithunzi chake chitsale. Chinkawasowa chinali kamthunzi kaja kamene kamagwa pansi dzuwa likadutsa m'nthambi. Anayesa ukonde wa anyezi, koma mabowo ake anali ofanana kwambiri. Anayesa siponji ya kukhitchini, zinangokhala madontho.

Tsiku lina akufuna lumo m'dirowa, anapeza kansalu ka patebulo koluka ndi ulusi woyera, ka timaluwa ta masamba asanu. Kanali koluka malemu amayi awo a Tomie, ndipo kankatuluka pa chaka chatsopano pokha. A Nukui anakakweza kuwindo. Kuwala kunadutsa m'timabowo n'kugwa pamkono pawo ndendende ngati kamthunzi ka m'nkhalango.

Anadziuza kuti akachapa bwinobwino, palibe adzadziwe. Anakakulunga pa chitako cha mfuti, anapopera kamodzi, anakasuntha, anapoperanso. Zimene zinatuluka zinawagometsa. Koma kansaluko atakaviika m'mafuta ochotsera penti, kanatuluka kobiriwira, kouma gwaa, kofota ngati chikopa. Anakapinda n'kukabisa pansi pa katoni ya zitini.

Patapita masiku anayi a Tomie anayamba kutsegula madirowa.

"Bambo a Kumiko, mwaonako kansalu ka amayi?"

"Kansalu kake kati?"

"Kali kamodzi kokha, mukukadziwa."

"Mwina Kumiko anatenga."

Limeneli linali bodza lawo loyamba lalikulu m'zaka makumi anayi za ukwati, ndipo analinena akuyang'ana m'kapu.

Mfuti yachiwiriyi anzawo sanaiseke. A Nukui anaigoneka pamasamba pafupi ndi galimoto, ndipo madala aja anachita kuwerama kuti aione. A Horibe anaizungulira kawiri, manja kumbuyo.

"Apa ndiye mwapenta, achimwene. Sindinama."

A Nukui anamva kutentha m'makutu.

"Koma tadziyang'anani nokha."

Anadziyang'ana. Monga mlenje aliyense, anali atavala chovala cha olenji chowala ndi chipewa cha olenji, kuti anzawo asawayese nguluwe.

"Mfuti yabisala," anatero a Horibe. "Mwini wake akuoneka kuchokera kutauni."

Linali Lamlungu lomaliza la Novembala, kukuzizira kolasa m'mafupa. A Nukui anawaika pamalo otsetsereka, pakati pa mitengo yofanana yokhayokha, masamba ofika m'akakolo. Anadikira ola limodzi, anadikira lachiwiri. Pofuna kudzitenthetsa anamwa tiyi yense wa m'fulasiki, anadya mipira itatu ya mpunga ndi ndiwo zowawasa zimene a Tomie anawaikira. Cha m'ma teni m'mimba munayamba kulankhula. Anapirira. Munalankhulanso, mokweza.

Anachita zonse mwadongosolo, chifukwa anali munthu wa dongosolo. Anachotsa zipolopolo n'kuziika m'thumba. Anaganiza zoimika mfuti pamtengo, koma anaopa kuti ingagwe n'kukalika penti, ndiye anaigoneka bwinobwino pamasamba. Kenako anatsetsereka mothamanga kupita kuseri kwa mwala wina, mapazi ngati makumi awiri.

Atabwerako ali wopepukidwa, anawerama kuti atole mfuti. Panalibe. Anayang'ana kumanzere, kumanja. Anaseka pang'ono, nati mwina ndi mtengo winawo. Anapita pamtengo winawo. Anabwerera pa woyamba uja, koma tsopano sanalinso wotsimikiza kuti woyamba ndi uti. Kamphepo kanali katawomba, masamba ena atagwa. Anapukuta magalasi. Anagwada n'kuyamba kupapasa, ndipo pamene ankapapasa ndi pamene ankamwaza masamba mbali zonse. Thukuta linawatuluka m'kuzizira konseko. Kutaya mfuti si nkhani yoti mumakambirana kunyumba n'kutha. Ankaona kale m'maganizo magalimoto apolisi, sukulu itatsekedwa, dzina lawo likulengezedwa pa chimkuzamawu cha m'mudzi.

Patatha theka la ola anatenga kawailesi kolankhulirana, kamene alenje onse ankamverapo.

"A Horibe, ndine Nukui."

"Mwaiona?"

"Ayi. Vuto lake ndi limenelo."

"Ndikuti nguluwe."

"Ine ndikuti mfuti."

Pawailesi panamveka wina akutsokomola, chifuwa chake chosamveka bwino ngati ndi chifuwadi.

Ulenje unathera pomwepo. Madala asanu anatsika n'kugwada m'mizere, aliyense akudandaula mawondo, n'kumakwawa ngati akudzala mpunga. Anapeza fulasiki ya a Nukui. Anapeza chikwanje cha dzimbiri chimene wina anataya kalekale. A Horibe anati galu ndiye athetsa nkhaniyi, namununkhitsa magolovesi a a Nukui. Tetsu anakweza mchira, anathamanga molunjika mosakayika konse, madala onse akumutsatira, mpaka kuseri kwa mwala uja. Anaima pamenepo n'kuuwa monyadira.

"Chabwino," anatero a Horibe atatseka mphuno. "Apa taona kuti simunaname."

Itakwana wani koloko, a Horibe anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Achimwene, ndikuimbira apolisi. Tikachedwa, mlandu ukula."

A Nukui anangogwedeza mutu. A Horibe anakwera pamwala pomwe foni inkagwira, ndipo onse ankamva mbali yawo ya nkhaniyo.

"Ee, a Sakakibara, yasowa. Ayi, sinabedwe. Ikuoneka bwanji? Ikuoneka ngati masamba. Ili pati? Ili m'masamba. Ayi bwana, sindinamwe."

A Sakakibara, pokhala munthu wa ndondomeko, anayamba adzera kunyumba kwa a Nukui kukapempha chithunzi cha mfutiyo. Chinalipo, chifukwa bambowa anali atajambula ntchito yawo n'kutsukitsa chithunzi chachikulu. A Tomie anachipeza m'shedi. Asanachipereke anavala magalasi awo owerengera n'kuchiyang'ana. Anachiyandikitsa kumaso. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anavala majombo, anatenga ambulera, nakakhala m'galimoto ya polisi osapempha.

Atafika kuphiri sanapereke moni kwa aliyense.

"Munaima pati?"

"Chapompano, mayi a Kumiko. Kapena apo."

"Nonsenu dzukani. Mukungopondaponda."

Madala aja anadzuka, wina akugwira mnzake. A Tomie anayamba kuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, maso pansi, ngati munthu wofuna bowa. Sankafuna mfuti iwo. Mfuti sankaidziwa, ndipo analibe nayo ntchito. Anadutsa mtengo woyamba, wachiwiri, anabwerera pang'ono. Sipanathe mphindi khumi. Anaima pamalo pamene amuna asanu anali atakwawapo kawiri, naloza pansi ndi nsonga ya ambulera.

"Duwa la amayi anga ilo."

Onse anawerama. Pakati pa masamba ouma panali kaduwa ka masamba asanu, kobiriwira, kooneka bwino ukakadziwa. Pambali pake panali kena. Kenako maso anazolowera, ndipo mfuti yonse inatulukira, ili phee pamene mwini wake anaigoneka.

"Sindiigwira, lamulo silindilola," anatero a Tomie. "Tolani."

A Nukui anaitola.

"Munati anatenga Kumiko," anatero mayiwo.

"Ndinkafuna kukachapa."

"Ndinamuimbira foni mwana, ndinamukalipira. Analira."

Alenje aja mwadzidzidzi anachita chidwi ndi mitambo. A Sakakibara anatsegula kabuku kawo, anayang'ana mayiwo, anayang'ana bambowo, n'kukatsekanso.

"Za mfuti tikakambirana kuofesi," anatero. "Zinazi si za boma."

Za kuofesi zinali zopepuka poyerekeza. A Nukui anapita kupolisi ya kutauni katatu, analemba kalata yopepesa ya masamba awiri, anadzudzulidwa ndi bwana wamng'ono msinkhu kuposa mwana wawo, ndipo mfuti inasungidwa komweko mpaka nyengo ya ulenje itatha. Kunyumba ndiye kunali kovuta. A Tomie sanakalipe. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa. Koma pa chaka chatsopano anayala nyuzipepala patebulo n'kuikapo chakudya chonse cha chikondwerero, ndipo a Nukui anadya akuwerenga za mitengo ya feteleza pansi pa mbale yawo.

Mawa lake anapita kwa mayi wina wokalamba wa kutsidya kwa mlatho, wodziwa kuluka, nakapempha kuti awaphunzitse. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, koma anavomera. Kansalu kakale kanali katafota moti maluko ake sankaoneka, ndiye chitsanzo chokha chimene chinatsala chinali chithunzi cha mfuti chija. Miyezi yonse yozizira ya chipale chofewa a Nukui anakhala pafupi ndi mbaula, chithunzi cha mfuti pabondo, koloshe m'manja, akuwerenga timabowo. A Horibe anawapeza choncho tsiku lina atabwera ndi nyama ya nguluwe.

"Ndiuze anzathu, kapena ndikusungireni ulemu?"

"Auzeni. Ulemu wake utinso?"

Kansaluko kanatha mu Malichi. Kanali kopotoka, mbali ina yaitali, ndipo maluwa ena anali ndi masamba asanu ndi limodzi. A Nukui anakaika patebulo m'mawa a Tomie ali kumunda, n'kukabisala m'shedi. Atabwera kudzadya anapeza kali pomwepo, mtsuko wa tiyi uli pamwamba.

"Amayi akanakamasula konse n'kukuuzani muyambirenso," anatero a Tomie akuthira tiyi. "Imwani, azizira."

Mfuti itabwerako, a Horibe analamula kuti izimangidwa riboni yapinki pachitako, ndipo a Nukui sanatsutse. Anasakanso nyengo zitatu. Anawombera kawiri, ndipo kamodzi analasa mtengo umene sankaufuna. Nguluwe sanaphepo ndi imodzi yomwe, ngakhale nyama ankagawiridwa mofanana ndi onse, chifukwa pa ntchito yosenda ndi kudula manja awo anali osamala kuposa a wina aliyense. Chaka chachinayi dokotala wa maso anapukusa mutu, ndipo iwo sanadikire kuuzidwa kawiri. Mfuti ija anaikulunga m'thumba lake n'kukaipereka kupolisi kuti ikadulidwe. Wapolisi wolandira anaitulutsa, anaitembenuza, anaitana mnzake kuti adzaone. A Nukui anasaina msangamsanga n'kutuluka.

Pobwerera amene ankayendetsa galimoto anali a Tomie. Bambowa ankayang'ana mtsinje. Atadutsa mlatho wachiwiri mayiwo analankhula.

"Khoma la kukhitchini lada ndi utsi."

"Ndaliona."

"Mulipente. Koma mtundu umodzi, bambo a Kumiko. Woyera."

A Nukui anatembenuka, anakonza magalasi.

"Woyera wake uti? Ulipo wa mkaka, ulipo wa mpunga wosaphika, wa mpunga wophika, wa chigoba cha dzira..."

"Woyera."

Anatha masabata atatu akumata timakadi pakhoma n'kumatiyang'ana m'mawa, masana ndi madzulo. Sabata yachinayi a Tomie anapita okha kusitolo n'kugula chitini choyamba chimene anachipeza pashelefu. A Nukui anachitsegula, ananunkhiza, anadandaula pang'ono, n'kuyamba kupenta kuchokera pakona ya kuwindo.